MA "NGATI" AKACHULUKA, MWANA WINA AMAGWERA PAKATI

(Awa ndi mawu amene mnzathu wa gulu lomwe lidalemba mayeso a Fomu 4 m'chaka cha 1998, yemwe tsopano akugwira ntchito ya ziwerengero m'boma, adayankhula pa msonkhano wathu wa pachaka. Tawasindikiza monga momwe adawayankhulira. Mkonzi)



Pamene a Mlembi adandiimbira foni kuti ndidzayankhulepo lero, ndidawafunsa kuti kodi ndidzanena chiyani pamaso pa anthu amene adandiona ndikubwera pano ndi kabudula wa zigamba ziwiri kumbuyo. Iwo adati ndidzanene za makompyuta, poti ndiyo ntchito imene ndimadyera. Ndidavomera, koma mtima udali m'mwamba, chifukwa ndikudziwa kuti anthu akadya nsima ya masana ndi makumba, nkhani ya makompyuta ndi mankhwala a tulo. Mwamwayi, sabata yomweyo a Msungichuma adanditumizira pepala. Adati mayina a ana opempha thandizo ku thumba lathu achuluka, komiti ikumatha tsiku lonse posankha, tsono ndiwakonzere kapologalamu koti kazisankha kokha. Nditawerenga pepalalo ndidadziwa kuti nkhani yoti ndiyankhule ndaipeza, ndiponso kuti si nkhani ya makompyuta okha.

Ndiyambe ndi kunena kuti pologalamu ya kompyuta si matsenga ayi. Ndi mndandanda wa malangizo, ndipo liwu limene limabwerabwera koposa m'malangizomo ndi lakuti "ngati". Olemba mapologalamu amalilemba kuti IF. Liwuli nonse mumaligwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Msodzi wa pa Kachulu akadzuka m'mamawa amayang'ana kumwamba: ngati mphepo yadzuka ndi ukali, salowa m'madzi, ngati kwacha bata, amakankha bwato. Mlimi wa mpunga ku Likangala amatero, mayi wogulitsa matemba pa Jali amateronso. Kusiyana kwake n'kwakuti msodzi ali ndi maso ndi nzeru, akaona chimene sadachiganizire amasintha. Kompyuta ilibe zimenezo. Ili ngati mwana wokhulupirika kwambiri koma wopanda nzeru za iye mwini. Chimene mwamuuza ndicho amachita, osati chimene mumafuna kunena.

"Ngati" mmodzi savuta. Vuto limayamba akabereka. Ndiloleni ndikuwerengereni lamulo la thumba lathu monga lilili lero, ndipo ndikupempha kuti wina asakwiye, chifukwa inenso ndidakweza nawo mkono pa misonkhano ina imene idaonjezera mawuwa:

"Mwana athandizidwe ngati ali wamasiye kapena makolo ake alibe ntchito ndipo akukhoza bwino m'kalasi, kupatula ngati akuthandizidwa kale ndi bungwe lina kapena wabwereza kalasi, pokhapokha ngati adabwereza chifukwa cha matenda, komanso mtsikana aganiziridwe ngakhale asakukhoza bwino, malinga asakhale wosachokera m'dera la sukulu."

Ndaona ena mwaseka. Chiganizo chimodzi, mpumiro umodzi kumapeto. Palibe munthu amene adakhala pansi n'kulemba zimenezi tsiku limodzi. Poyamba lidali lamulo la mawu ochepa, lakuti tithandize ana amasiye. Chaka china wina adadzuka n'kunena kuti pali ana a makolo amoyo amene akuvutika kuposa amasiye, tidaonjezera. Chaka china tidamva kuti mwana wina akulandira kuwiri, tidaonjezera "kupatula". Kenaka mwana wina adagonekedwa m'chipatala teremu yonse n'kubwereza, chifundo chidatigwira, tidaonjezera "pokhapokha". Chigamba chilichonse chidali ndi chifukwa chabwino. Koma mukudziwa ukonde umene wasokedwasokedwa ndi anthu osiyanasiyana: umafika poti mwini wake sadziwanso kuti nsomba zikutulukira pati. Mapologalamu a m'maofesi amakalamba mwa njira yomweyi. Ndaonapo mzere umodzi wa mu Excel wodzaza tsamba lathunthu, umene adaulemba munthu yemwe adapuma ntchito kalekale, ndipo aliyense amaopa kuukhudza. Kale Excel inkalola ma IF asanu ndi awiri okha kulowetsana wina m'kati mwa mnzake. Kuyambira mu 2007 idayamba kulola 64. Kunena zoona, ine ndimaona kuti malire akalewo ankatiteteza.

Tiyeni tiwerenge mafunso amene ali m'lamulo lathu. Kodi ndi wamasiye? Kodi makolo alibe ntchito? Kodi akukhoza? Kodi akuthandizidwa kwina? Kodi wabwereza? Kodi chidali chifukwa cha matenda? Kodi ndi mtsikana? Kodi ndi wa m'dera lino? Mafunso asanu ndi atatu, lililonse yankho lake inde kapena ayi. Amene simudathawe masamu mukumbukira kuti funso limodzi limapereka njira ziwiri, mafunso awiri njira zinayi, atatu njira zisanu ndi zitatu, ndipo funso lililonse loonjezera limachulukitsa kawiri. Mafunso asanu ndi atatu amapereka njira 256. Zina mwa izo sizingachitike, monga mwana amene sadabwereze koma adabwereza chifukwa cha matenda, komabe zotsalazo n'zambiri. Tikadzaonjezera mafunso awiri okha zidzafika 1,024. Kodi pali wina muno amene angalumbire kuti adaziganizira zonsezo? N'chifukwa chake katswiri wina wa ku America, Thomas McCabe, m'chaka cha 1976 adapereka njira yowerengera mphambano zimene zili m'chigawo cha pologalamu, ndipo adalangiza kuti chiwerengerocho chikapitirira khumi chigawocho chigawidwe. Sadanene zimenezo pofuna kuthandiza kompyuta. Kompyuta siitopa. Wotopa ndi munthu amene ayenera kuwerenga ndi kutsimikiza kuti zili bwino.

Tsono tione pamene pali dzenje loyamba. "Wamasiye kapena makolo ake alibe ntchito ndipo akukhoza bwino." Kodi kukhoza bwinoko kukukhudza wamasiye yemwe, kapena mwana wa makolo opanda ntchito yekha? Ndidafunsa a m'komiti mmodzimmodzi pa foni, osawauza chifukwa chake. Ena adati wamasiye ndi wamasiye basi, akhoze asakhoze. Ena adati ayi, aliyense ayenera kukhoza. Onsewa akhala pa tebulo limodzi zaka zingapo, akuwerenga pepala limodzi, aliyense akuganiza kuti mnzake akumva monga iye. Kompyuta payokha siikayika. M'zilankhulo zambiri za mapologalamu, monga Python ndi SQL, liwu la "ndipo" limamangidwa poyamba, la "kapena" pambuyo, monga momwe pa masamu kuchulukitsa kumayambira kuphatikiza kusanachitike. Choncho ndikadangokopera lamulo lathu monga lilili, kompyuta ikadasankha mbali ya gulu loyamba lija mwakachetechete, ndipo a gulu lachiwiri sakadadziwa kuti agonja pa mkangano umene sudachitike n'komwe.

Mankhwala ake ndi mabulaketi, aja aphunzitsi a Chichewa ankati mikutiramawu. Ndikupatseni chitsanzo chenicheni chimene ambiri mukuchidziwa. Pamene Mtukula Pakhomo unkayamba ku Mchinji m'chaka cha 2006, usanafalikire m'maboma onse kuphatikizapo Zomba yathu ino, banja linkayenera kukhala ndi zinthu ziwiri: likhale losaukitsitsa, ndiponso likhale lopanda manja ogwira ntchito. Chachiwirichi chidali ndi mbali ziwiri: mwina m'banjamo mulibe munthu wa zaka 19 mpaka 64 wotha kugwira ntchito, kapena alimo koma aliyense wotero akusenza anthu oposa atatu. Lamuloli tikalilemba bwino ndi lotere: losaukitsitsa NDIPO (lopanda wogwira ntchito KAPENA losenza oposa atatu). Tsopano chotsani mabulaketiwo. Kompyuta idzamanga "losaukitsitsa ndipo lopanda wogwira ntchito" kukhala mtolo umodzi, ndipo "losenza oposa atatu" lidzaima palokha. Zikatero bambo wa chigayo ndi maboti awiri, amene mkazi wake adamwalira n'kumusiyira ana asanu, walowa pa mndandanda, ndipo poti malo ndi owerengeka, agogo ena atsika. Timizere tiwiri topindika, tosaoneka n'komwe pa pepala, ndito tagamula mlanduwo.

Ndisanapitirire, ndiulule tchimo langa, kuti musaganize kuti ndabwera kudzaloza ena chala. M'mwezi wa Malichi 2019, madzi osefukira atawononga m'maboma a kum'mwera kuno, ndidapatsidwa ntchito pa ofesi ina, imene sinditchula, yokonza mndandanda wa mabanja oyenera kulandira chimanga poyamba. Limodzi mwa mafunso lidali lakuti kodi mutu wa banja uli ndi zaka zoposa 64. Ndidalemba lamulo langa lalitali mu Excel usiku, nditatopa, ndipo lidayenda popanda kudandaula. Mnzanga wina adachita ntchito yomweyo pogwiritsa ntchito Stata kuti tifananize. M'mawa mwake mindandanda yathu idasiyana. Tidatha theka la tsiku tikutsutsana, aliyense akuti wolakwa ndi mnzake, galimoto ikudikira panja. Pomaliza, poona kuti nthawi yatha, tidatenga wanga.

Chidachitika n'chiyani? Akalembera adapeza anthu ena osadziwa chaka chimene adabadwa, ndipo malo a zakawo adawasiya opanda kanthu. Excel ikafunsidwa ngati malo opanda kanthu akuposa 64, imawatenga ngati ziro, n'kuyankha kuti ayi. Stata imachita zosiyana: nambala yosowa imaitenga ngati yaikulu kuposa nambala ina iliyonse, n'kuyankha kuti inde. Zonsezi zidalembedwa m'mabuku a mapologalamuwo, sizobisika, wolakwa ndidali ine amene sindidafunse. Ndipo taganizani, kodi ndani m'mudzi amene sadziwa chaka chimene adabadwa? Si mnyamata wa zaka makumi awiri ayi. Ndi agogo, omwe aja lamulo lidapangidwira. Patapita masiku ndidamva kuti pa malo ena ogawira, agogo ena aakazi adakhala pansi pa mtengo kuyambira m'mawa mpaka mayina onse adatha kuitanidwa, n'kunyamula thumba lawo lopanda kanthu kubwerera. Tidakonza, adalandira ulendo wotsatira, koma masabata a pakatiwo adadya chiyani sindifuna kuganiza. Sindidawaonepo nkhope, koma ndikamalemba "ngati" aliyense lero ndimawaona.

Kuchokera tsiku limenelo ndidaphunzira kuti funso lililonse lili ndi mayankho atatu, osati awiri: inde, ayi, ndi "sitikudziwa". Lamulo lalitali limabisa yankho lachitatuli, chifukwa maso amatopa asanafike pofunsa kuti nanga malowa akakhala opanda kanthu zitha bwanji.

Nanga tichite chiyani ndi chiganizo chathu chija? Amisiri a mapologalamu ali ndi njira zingapo, ndipo palibe ngakhale imodzi yofuna digiri.

Imene ndimaikonda koposa ndi ya mlonda wa pachipata. Mukumbukira pa nthawi ya mayeso, tisanalowe m'holo muno, pakhomo pankaima munthu woona chitupa. Wopanda chitupa ankabwerera pomwepo, ndipo wolemba mayeso m'katimo sankafunsidwanso za chitupa pa funso lililonse. M'lamulo lathu muli zinthu zimene zimatseka nkhani zokha. Mwana akuthandizidwa kale ndi bungwe lina? Ngati inde, nkhani yatha, sitifunsanso za umasiye kapena za kukhoza. Wabwereza popanda chifukwa cha matenda? Ngati inde, yathanso. Mafunso oterewa tiwachotse pakati pa chiganizo, tiwaike kutsogolo, lililonse pa mzere wakewake. Otsala m'bwalo ndi okhawo ofunika kuwaganizira, ndipo "kupatula" ndi "pokhapokha" achoka. M'pologalamu njirayi imachotsa ma IF olowetsana aja, amene amapita mkati ngati mono, oti ukalowa sudziwanso potulukira. Pachipata pomwepo ndi poyenera kuikapo mlonda wa "sitikudziwa": fomu ikakhala ndi malo opanda kanthu, isakanidwe ndipo isavomerezedwe, iikidwe pambali kuti munthu akafunse.

Ikatha imeneyo, tipereke mayina. Taonani mmene Mtukula Pakhomo udachitira: m'malo mobwereza nkhani ya zaka 19 mpaka 64 ndi ya anthu oposa atatu paliponse, adaimanga mtolo n'kuupatsa dzina limodzi, banja lopanda manja ogwira ntchito. Ifenso tingatero. "Wamasiye kapena makolo alibe ntchito" timutche wosowa. "Akukhoza bwino kapena ndi mtsikana" timutche woyenera pa maphunziro. Lamulo lonse lasanduka mawu ochepa: mwana amene wadutsa pachipata athandizidwe ngati ali wosowa ndiponso woyenera pa maphunziro. Aliyense angaliloweze pamtima. Tanthauzo la dzina lililonse likhala pa mzere wake, ndipo tikadzafuna kulisintha tidzasintha malo amodzi okha. Martin Fowler, m'buku lake lotchedwa Refactoring la m'chaka cha 1999, adazilemba njira ziwirizi pakati pa njira zokonzera pologalamu yakale popanda kusintha zimene imachita, ndipo kufikira lero ndi zimene amisiri amayambira.

Koma kupereka dzina kuli ndi khalidwe lina: kumavula chinthu. Nditalemba kuti "wosowa" ndidayenera kulemba pansi pake tanthauzo la "alibe ntchito", ndipo cholembera chidaima. Kuno kwathu ntchito n'chiyani? Lamuloli tidalilemba ife a m'tauni, amene kwa ife ntchito ndi ya malipiro a pamwezi. M'midzi ya kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji, ndi angati ali ndi ntchito yotero? Tikatsata mawuwo, pafupifupi mwana aliyense pa sukulu pano ndi wosowa, kuphatikizapo wa bambo wa chigayo uja. Tikati usodzi ndi ntchito, ndiye kuti taiwala nyanja imene tidakulira. Chilwa ndi nyanja yosazama, yopanda mtsinje wotulutsa madzi, imene imadalira Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina kuti ikhale ndi moyo. Idauma mu 1968, makolo athu amasimba. Idaumanso mu 1995, ine ndili Fomu 1, ndipo ena muno tidayenda pansi pa matope osweka kulowera ku Chisi, malo amene chaka chapitacho kunkayenda mabwato. Mu 2018 idaphwanso kwambiri. Chaka cha 1995 chija anzathu angapo a m'kalasi mwathu sadabwerere teremu yotsatira. Makolo awo adali amoyo, ndipo pa pepala adali ndi ntchito. Mwana wa msodzi chaka chino ali ndi nsapato, chaka chamawa alibe ndi kope lomwe. Bokosi la inde kapena ayi silingasenze zimenezo. Chiganizo chachitali chija chidatibisira funso limeneli zaka zonsezi, poti palibe amene ankafika poima pa mawu awiriwo.

Pali kachinthu kena kakang'ono koma koluma: ma "osati" ophatikizana. "Malinga asakhale wosachokera m'dera la sukulu." Amene adalemba mawuwa ndikhulupirira adali atatopa ngati ine usiku uja. Kukana kuwiri kumafafanizana, tanthauzo lake ndi lakuti akhale wochokera m'dera la sukulu, basi. Pamene pamagwa anthu ambiri, ngakhale ophunzira, ndi pokana zinthu ziwiri zomangidwa pamodzi. Tinene kuti msodzi wodziimira payekha ndi amene ali ndi bwato ndiponso ukonde. Nanga amene si wodziimira payekha ndi wotani? Ambiri amafulumira kunena kuti ndi amene alibe bwato ndiponso alibe ukonde. Ayi. Ndi amene alibe bwato kapena alibe ukonde. Munthu wa ukonde wopanda bwato amabwereka ndithu, ndipo mukalakwitsa pamenepa mwamutaya. Mukakana mtolo, "ndipo" amasanduka "kapena", ndipo "kapena" amasanduka "ndipo". Lamuloli limadziwika ndi dzina la Augustus De Morgan, katswiri wa masamu wa ku Britain amene adalilemba mu 1847. Mnzake George Boole adatulutsa buku mu 1854 losonyeza kuti inde ndi ayi angathe kuwerengedwa ngati masamu, ndipo mu 1937 mnyamata wina wophunzira ku America, Claude Shannon, adaonetsa kuti masamu a Boole angamangidwe ndi maswitchi a magetsi. Foni imene ili m'thumba mwanu idachokera kumeneko. Ine ndidakumana ndi mayina amenewa ku Chanco, chaka chimene ndidakhudza kompyuta koyamba, ndipo ndinkaganiza kuti ndi zongolembera mayeso.

Chotsiriza ndi tebulo, ndipo pamenepa sinditaya nthawi. Mukatsala ndi mafunso ochepa, jambulani mizere pa bolodi, mulembe njira zonse, ndipo pa mzere uliwonse mulembe chigamulo. Ife tatsala ndi mafunso awiri, choncho mizere ndi inayi: wosowa ndi woyenera, wosowa koma wosayenera, woyenera koma wosasowa, ndi amene sali chilichonse mwa ziwirizi. Kuchoka pa 256 kufika pa inayi, ndi alonda pakhomo. Mzere umene ulibe chigamulo umaonekera poyera. Tebulo lotere mfumu ingaliwerenge, kholo lingaliwerenge, ndipo mwana amene wakanidwa tingamuloze mzere umene wagwerapo m'malo momuuza kuti kompyuta yakana. Mawu akuti "kompyuta yakana" ndimadana nawo kwambiri. M'maofesi mwathu asanduka pobisalira. Kompyuta sikana munthu, amakana ndi amene adalemba "ngati".

Wina anganene kuti izi ndi zovuta za ife osauka, a zipangizo zochepa. Ayi ndithu. Pa 15 Januwale 1990, mafoni a mtunda wautali a kampani ya AT&T ku America adasokonekera kwa maola pafupifupi asanu ndi anayi, ndipo atafufuza adapeza kuti gwero lake lidali liwu limodzi loikidwa pamalo olakwika m'kati mwa ma "ngati" olowetsana. Adali akatswiri olipidwa bwino, koma maso awo adali a anthu.

Ndichenjezepo pa zinthu ziwiri. Kufupikitsa kumene ndikunena si kuchepetsa zilembo. Alipo anyamata ochenjera, ndimagwira nawo ntchito, amene amanyadira kupanikiza lamulo lonse mu mzere umodzi wa zizindikiro zokhazokha. Zimenezo ndi kulongedza katundu yense wa m'nyumba m'thumba limodzi: thumba ndi limodzi inde, koma kapezeni singano. Lamulo langa latsopano lili ndi mizere yambiri kuposa lakale. Chimene chafupika ndi mtunda umene mutu uyenera kuyenda kuti umve mzere umodzi. Chachiwiri, posintha kalembedwe n'kosavuta kusintha tanthauzo mosazindikira. N'chifukwa chake ndidapempha a Msungichuma mafomu a zaka zapitazo, atafufuta mayina, ndipo ndidawadutsitsa m'lamulo latsopano kuti ndione ngati likugwirizana ndi zimene komiti idagamula. Ambiri adagwirizana. Ochepa adasiyana, ndipo nditawayang'anitsitsa ndidapeza kuti komiti yomwe idagamula mosiyana pa ana ofanana, chaka china motere, chaka china motero, malinga ndi amene adabwera ku msonkhano tsikulo. Sindikunena izi ponyoza. Anthuwa amagwira ntchitoyi mongodzipereka, amalipira okha minibasi kuchokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Tidawapatsa chida chobuntha ndi ife.

Mwina mwaona kuti pomanga mtolo wa "wosowa" ndasankha mbali. Ndaika mabulaketi pamene akufuna a gulu lachiwiri, aja akuti wamasiye nayenso ayenera kukhoza. Ndachita zimenezo pofuna kuonetsa chitsanzo chabe, ndilibe mphamvu yogamula. Ine pandekha, mukandifunsa, ndili ku gulu loyamba. Mwana amene waika mayi ake m'manda mu Juni sitingamuyeze ndi malikisi a mu Julayi. Koma ndalama za thumbali ndi zanu, ndipo ndikudziwa kuti ena mumapereka pofuna kuona mwana akufika ku yunivesite, kumene amafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Maganizo amenewonso ndi omveka. Thumba ndi laling'ono, tikatsegula mbali ina ndiye kuti tatseka ina.

Choncho a Msungichuma, kapologalamu kanu sindidamalize, ndipo sindikapepesa. Kulemba kwake ndi ntchito ya madzulo amodzi. Chimene chandiimitsa ndi mafunso amene ine sindingayankhe m'malo mwa msonkhano uno. Kodi wamasiye ayenera kukhoza bwino, kapena umasiye ndi wokwanira? Kodi za dera la sukulu zikukhudza atsikana okha, monga momwe chiganizo chikuonekera, kapena ana onse? Ndipo deralo likuthera pati? Mwana wa ku Chisi ali m'kati? Nanga wobadwira tsidya la ku Phalombe amene akukhala ndi azakhali ake pafupi ndi sukulu pano? Kodi "alibe ntchito" tilisiye, kapena tifunse funso lina logwirizana ndi moyo wa kunyanja, loti liziyankhidwa chaka ndi chaka osati kamodzi kokha mwana akamalowa Fomu 1? Ndipo fomu ikabwera ndi malo opanda kanthu, ndani mwa ife adzakwera njinga kukafunsa?

Ndajambula kale tebulo pa bolodi kumbuyo kwangaku, pomwe paja malemu aphunzitsi athu a masamu ankatiimiritsa tikalephera kuchulukitsa. Mizere ilipo, malo a zigamulo ndawasiya opanda kanthu. A Mphunzitsi Wamkulu andiuza kuti mafomu a chaka chino ali kale mu ofesi mwawo ndipo ana akudikira yankho teremu isanayambe. A Wapampando, choko ndi ichi.